Amalume Anasuta Mathero a Buku Langa

Bukulo anabwera nalo azakhali, amene ankagwira ntchito yokolopa pasukulu yogonera ija ya ku Mtunthama. Analitola pomwe ana a mabwana amataya zinthu akamatsekera. Linali la Chingerezi, lopanda chikuto, ndipo ine wa Sitandade 7 ndinkaliwerenga molondoleza ndi chala. Nkhani yake inali ya mtsikana amene anatsikira m'chitsime chouma n'kutulukira kudziko lozizira kumene mitengo imayenda, kukafuna bambo ake. Bambo anga nawonso anali atapita kumaesiteti a ku Zambia ine ndili wakhanda, osabwerakonso. Ndiye funso langa linali limodzi basi: kodi awapeza?

Inali nyengo yosoka fodya. Tsiku lonse tinkakhala m'chigafa, zala zili bii ndi phula, moti patsiku ndikawerenga mapeji atatu ndiye kuti ndalemera. Bukulo ndinkalisomeka kudenga la chigafacho. Tsiku lina ndikulitsitsa, ndinamva kuti lapepuka. Kutembenuza kumbuyo, mapeji kulibe!

Amalume anali chapomwepo, akupichira chingambwe chawo papepala lolembedwa Chingerezi.

"Amalume, pepalalo mwalitenga kuti?"

"Iwe, usandiyang'ane ngati wakuba. Ndakuganizira, ndayambira kumbuyo. Kumeneko sunafikeko."

Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo mutu umandiwawa. Iwo ankaonadi kuti andichitira ulemu. Anayamikiranso kuti pepala la azungu limayaka bwino, silizima msanga ngati la nyuzi. Mlungu wonse anali akusuta mathero a nkhani yanga. Ndinalira mokweza, amayi n'kundikalipira kuti mwana wamkazi salirira mapepala pamaso pa malume ake.

Ndili ku sekondale ndinamva kuti bukulo analipangira filimu, ndipo ankaionetsa m'kanyumba ka vidiyo pamsika. Ndinalowa, koma inali ija yoikamo mawu a Chichewa. Wotanthauzirayo ankangobwebweta zake, mitengo yoyenda ija akuti ndi mavenda akuthamangira ku okushoni. Anthu ankagwa nako kuseka. Ine ndinapsa mtima n'kutuluka isanafike n'pakati pomwe. Ndinalumbira kuti mathero amenewo ndidzawerenga ndekha, ndi maso angawa, osati kuuzidwa ndi munthu.

Lumbiro limenelo landivutitsa, chifukwa nkhaniyi siikufa. Ana amene sanagwirepo bukulo amaidziwa yonse. Ili m'mafoni, ili pazikwama za sukulu za pakaunjika, ndipo ana a Sande sukulu amasewera zoyenda ngati mitengo ija. Ndakhala ndikutseka makutu m'minibasi ngati wamisala, mayi wamkulu ndithu. Bukulo ndinalifuna m'mashopu a pa boma, koma kumeneko n'mabuku a mayeso okhaokha. Chaka chino mnzanga wina wophunzitsa ku Lilongwe anandiimbira kuti walipeza, adzabwera nalo pa holide. Ndinayamba kuwerenga masiku ngati mwana.

Kutatsala milungu iwiri, ndinkasankha fodya pakhonde ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamuuza mokondwa kuti buku la mtsikana wa m'chitsime likubwera.

"Ija? Tinaonera pafoni ya anzanga kanayi," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Yomvetsa chisoni, amayi. Bambo akewo amawapeza, koma iwo samuzindikira. Amakhala ali ndi ana ena."

Ndinamukalipira kwambiri, mwana wosalakwa, mpaka anathawira kuseri kwa nyumba akulira. Ndinatsala ndekha ndi fodya pamiyendo. Zaka zonsezi ndinkati ndikadzawerenga ndidzapeza bamboyo atamunyamula mwana wake. Nanga mnzanga uja akabwera nalo bukulo, ndidzalitsegula kuti ndipezemo chiyani?