Maikulosikopu ya Alendo

Wailesi ikangoyamba kukamba za malamulo olimbikitsa sayansi, ine ndimatseka. Amuna anga amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindikana. Sabata yatha inali nkhani yomweyo: akuti ku Nyumba ya Malamulo akambirana zoti kafukufuku apite patsogolo, ana a sukulu aphunzire sayansi ya manja, dziko litukuke. Ndinasiya zochapa m'beseni, thovu lili m'manja, n'kukatseka. Zimenezo ndinazimva kale ndili Fomu 3, ndipo ndinazikhulupirira ndi mtima wanga wonse, chitsiru ine.

Ndinakulira ku Bangwe. Makolo anga anachokera ku Nsanje. Bambo ankanyamula katundu ku fakitale ina ku Makata, amayi ankagulitsa masamba pakhomo, Loweruka n'kukasesa kutchalitchi ndi amayi anzawo. Sukulu yathu ya sekondale inali yoyendera, yopanda labu. Ine ndinkafuna unamwino, osati pang'ono. Kuti akutenge ku koleji ya anamwino pankafunika kirediti ya Bayoloje, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaiphonya imeneyo basi, zanga zathera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa pa asembule, ahedi anaimika katoni patebulo. Anati boma latsimikiza kuti sayansi ifike kwa mwana aliyense, ngakhale wa ku Bangwe, ndipo umboni wake ndi umenewu. Anatulutsa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, yakuda, yonyezimira, ikadali m'pulasitiki. Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Atsikana ena analulutira. Kenako katoni ija inalowa mu ofesi, mu ofesimo inalowa m'kabati, kiyi n'kulowa m'thumba la ahedi.

Aphunzitsi athu a Bayoloje anali bambo owonda, ofatsa, thalauzi lawo lili choko chokhachokha. Anapita kukaipempha kangapo. Yankho tinkalimva tili pawindo, chifukwa ahedi sankadziwa kunong'ona.

"Anasainira ndine, aphunzitsi. Ana amenewa akaswa, adzafunsa inu kapena ine?"

Ndiye aphunzitsi ankaijambula pabolodi. Ankajambula bwino, mpaka kagalasi kowunikira ka pansi kaja ndi tizitsulo topotokola ta m'mbali. Ife n'kumakopera m'makope, n'kumaloweza. Ukanandidzutsa kutulo ndikanakuuza kuti kachitsulo kakakulu n'kokweza ndi kutsitsa, kakang'ono n'kowongolera kuti chinthu chioneke bwino. Anatijambuliranso maselo a anyezi, timizere tokhala ngati njerwa za khoma, n'kutiuza kuti tisade nkhawa, pa mayeso a pulakitiko amakonda kubweretsa anyezi.

Chimene chimandipsetsa mtima lero n'chakuti palibe anadabwa, ngakhale ine. Kwathu m'kabati munali makapu agalasi amene amayi analandira pa ukwati wawo. Ife tinkamwera m'makapu apulasitiki, agalasiwo ankatuluka akabwera abambo mfumu kapena alendo ochokera kumudzi. Chinthu chabwino n'cha alendo, tinakula tikudziwa choncho. Ndiye maikulosikopu kukhala m'kabati inali nkhani yachilendo kwa ndani?

Ndipo alendo anabweradi, tili Fomu 4. Anali akuluakulu oyendera masukulu, odzaona mmene sayansi ikuyendera. Tinasesa, tinakolopa, tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Maikulosikopu inatuluka, n'kuikidwa patebulo loyalidwa nsalu. Poti ine ndinkakhoza bwino m'kalasi, ndipo yunifolomu yanga inali yosita, anandisankha kuti ndiime pamenepo pojambula chithunzi. Ahedi anandiuza kuti ndingoika diso, manja kumbuyo.

Ndinaika diso. Munali kuwala kwa mbuu, kopanda kanthu. Koma ndinkadziwa chochita, nanga si ndinaloweza? Dzanja linangopita lokha. Ndinapotokola kachitsulo kaja pang'ono chabe, ndipo m'kuwala muja munayamba kutuluka timizere, tikubwera, tikubwera. Ndiye ndinamva kutsokomola kwa ahedi kumbuyo kwanga, ndipo ndinabweza dzanja.

Alendo atachoka, ahedi anandiuza kuti ndibwere ndi kholo. Amayi anabwera m'mawa mwake atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Ahedi anawauza kuti mwana wawo ndi wamwano, wagwira katundu wa boma pamaso pa akuluakulu, ndipo chikanakhala kuti wawonongeka, nkhani yake ikanafika kutali. Amayi anga, munthu wamkulu, anagwada pasimenti mu ofesi muja kupepesa. Aphunzitsi a Bayoloje analipo, ataima pakhomo, akuyang'ana nsapato zawo.

Pobwerera, ine ndi amayi tinadutsa pamsika. Kenako anaima n'kundigwira pamkono mwamphamvu.

"Mwanawe, ife kuno ndife obwera. Zinthu za boma sizigwiridwa. Ukadzaswa atimanga tonse, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinamvadi. Manyazi a tsiku limenelo anandilowa mpaka m'mafupa.

Mayeso a pulakitiko atafika, anabwereka maikulosikopu zina ku sukulu yaikulu, n'kuziika pamodzi ndi yathu ija m'kalasi imodzi. Tinkalowa m'magulu. Funso linali loti tione chimene chili pakagalasi, tijambule, tilembe mayina a zigawo zake. Nthawi yanga itakwana ndinaika diso. Munali mbuu yemwe uja. Amene anali patsogolo panga ayenera kuti anaigunda, kapena sanaiwongole n'komwe, kaya.

Ndinadziwa kachitsulo koyenera kupotokola. Ndikunena zoona, ndinakadziwa. Koma woyang'anira mayeso anali mlendo, bambo wa jekete, ataima pafupi, manja kumbuyo, akundiyang'ana. Dzanja langa linafika pamphepete pa tebulo n'kuuma pomwepo. Ndinaona amayi atagwada pasimenti. Ndinadziuza kuti, aa, n'kudzivutiranji, si anyezi kodi? Ndinakhala pansi n'kujambula maselo a anyezi okongola kwambiri amene ndinajambulapo m'moyo wanga, mzere uliwonse pamalo pake, mayina onse olondola. Mafunso otsatira onse ankachokera pa chojambulacho, ndipo ndinawayankha onse za anyezi.

Titatuluka tinali kuseka, kukumbatirana, ena akuti zinali zophweka. Aphunzitsi a Bayoloje anabwera pansi pa mtengo pamene tinasonkhana. Iwo anali ataloledwa kulowa mayeso atatha, kukathandiza kulongedza. Anafunsa kuti tinaona chiyani.

"Anyezi!" tinayankha ambiri.

Aphunzitsi anapukuta manja pathalauzi.

"Linali tsamba, ana inu. Kakhungu ka pansi pa tsamba, kokhala ndi timabowo topumira. Amene anayang'anamo ndani?"

Manja anakwera atatu kapena anayi basi. Enafe tinangoyang'anana. Sitinakopere kwa wina, sitinapangane. Aliyense payekha anaopa kugwira, n'kujambula za pabolodi. Aphunzitsi ananditembenukira ine, chifukwa ndine ankandidalira.

"Ngakhale iwe? Iwe umadziwa popotokola."

"Tsiku lija mu ofesi munalipo, aphunzitsi. Simunanene kanthu."

Anachotsa magalasi awo, n'kuwabwezeranso, n'kuchoka. Ndinawapweteka, ndikudziwa, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndikumva chisoni. Anali munthu wabwino, koma ubwino wawo sunatithandize kanthu.

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi. Maphunziro ena onse ndinakhoza bwino. Bayoloje inali pasi chabe, yopanda kirediti. Ndinaima pa bolodi la zotsatira ndikuwerenga mzere wanga kachiwiri, kachitatu, ngati usintha. Zobwereza kalasi kunalibe, kumbuyo kwanga kunali ang'ono anga atatu oyembekezera malo awo. Patapita nthawi bambo anandipezera ntchito yolongedza katundu m'makatoni ku Makata komweko, ndipo ndiko ndili mpaka pano. Ndikaona namwino m'minibasi ndimayang'ana kumbali.

Koma tsiku la zotsatiralo ndinakwera phiri lopita kwathu wapansi, pang'onopang'ono, ndikukonza mawu. Ndinawapeza amayi pakhomo akumanga mpiru m'timitolo. Ataona nkhope yanga anasiya. Ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse: za unamwino kuti zatha, za tsamba, za anyezi, za dzanja langa limene linakana. Ndinkalira ngati kamwana. Ndinkafuna andikalipire, kapena akalipire ahedi, kapena boma, aliyense.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatsitsa mawu, akuyang'ana kunjira ngati wina angamve.

"Koma makina a bomawo, sunawononge kanthu eti?"

"Ayi, amayi. Sindinawagwire n'komwe."

Anapumira m'mwamba, n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Ambuye atamandike," anatero. "Wachita bwino, mwana wanga."