Ulendo wathu wa ku Ireland

Lero pothira mafuta pa makina osokera, fungo lake landibwezera ku mzinda wa Hull, tili ongofika kumene kuchokera ku Malawi, ine ndili ku pulayimale.

M'nyumba yogundizana ndi yathu munkakhala agogo ena a ku Ireland. Tsiku lina anauza amayi pampanda kuti Loweruka tipite tonse akationetse sitima ya kwawo, ya njanji yopapatiza. Chingerezi chawo chinali chothamanga, moti amayi anangotolapo mawu oti sitima, Ireland ndi Loweruka.

Amayi anachonderera mnzawo kuchipatala kuti asinthane shifiti. Anakazinga nkhuku ya kamba, abambo anavala suti, ine anandidzoza mafuta mpaka kunyezimira. Tinakagogoda titanyamula zikwama.

Agogowo anayang'ana zikwamazo, nakanda m'mutu, kenaka anatikweza pamakwerero mpaka m'kachipinda ka kudenga. Mmenemo munkamveka fungo la mafuta a makina, ndipo munali thebulo lalikulu lokhala ndi timapiri topangidwa ndi mapepala, tinkhosa tonga njere za mpunga, ndi kasitima kofiira kosaposa chikhatho changa. Atadina batani, kanayamba kuyenda kakulira ngati njuchi.

"Aliyense asaseke," abambo anatinong'oneza, thukuta lili kamukamu m'suti muja.

Amayi anakaperekeza ndi maso kasitimako mpaka kanalowa m'phanga n'kutulukira uko. Kenaka anatula chikwama pansi, nakoka mpando, n'kuvula nsapato.

"Bambo a mwana, auzeni asakazimitse," anatero. "Ine shifiti ndasinthitsa kale. Tikhala pompano mpaka tikafike."