Mpando Wozungulira wa Zuleha

Ana ambiri a ku Assumane kuno ku Lichinga, Zuleha Saide anawaona matako mayi awo asanawaone nkhope. Anali namwino zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mtsempha ankaupeza ngakhale pamkono wa mwana wouma gwa ndi chisanu cha mu Juni. Koma ntchitoyo inamufika pakhosi. Miyendo inkatupa ndi kuima, msana unkawawa, ndipo kuthokoza kwa odwala kunkabwera ngati nthochi ziwiri, apo ayi osabwera n'komwe.

Chimene ankasirira chinali chimodzi basi: mpando wozungulira, wamateyala. Anauona mu ofesi ina m'tauni muno atapita kukadinditsa kalata. Mtsikana amene anakhalapo ankangotembenuka uku ndi uku osadzuka, nsapato atavula. Zuleha anafunsa kuti munthu amafika bwanji pamenepo, ndipo anamuuza kuti pamafunika mestradu, digiri yachiwiri ija ya oyendetsa makampani.

Anagulitsa munda wa mbatatesi ku Chimbonila, umene malemu bambo ake anautsegula ndi manja atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, nalowa sukulu. Kwa zaka ziwiri Loweruka lililonse ankakhala m'kalasi, mphunzitsi amene sanagulitsepo ngakhale tomato mmodzi akuwafotokozera kayendetsedwe ka mafakitale a galimoto. Kunyumba nako kunavuta. Mwamuna wake Ossufo, telala wofatsa, akadandaula kuti ndiwo zachepa mchere ankauzidwa kuti dandaulo lake lilibe mfundo zooneka. Kuchipatala odwala anasanduka makasitomala, ngakhale ankasanzabe pansi ngati kale.

Chinthu chimodzi sukuluyo inalephera kumuchotsa. Zuleha akapatsa munthu moni, zala zake ziwiri zinkatsetserekera zokha pamkono n'kuyamba kumvera kugunda kwa mtima. Paukwati, pamaliro, ngakhale m'shapa, minibasi zija, mothithikana, maso ake ankayamba kuona zikope ndi akakolo a munthu, nkhope pambuyo.

Kampani ina yogula nyemba kwa alimi italengeza kuti ikufuna woyang'anira nthambi ya ku Lichinga, pomaliza anatsala awiri: Zuleha ndi Gerson, mnzake wa m'kalasi amene ankakopera homuweki kwa iye. Cleide, namwino mnzake, anamulangiza akumusitira jekete lokavala ku entrevista, mafunso a pakamwa a ntchitoyo.

"Amiga, ukakalowa mu entrevista mmenemo manja uwakhalire. Zachipatala usatchule, wamva? Amenewo akufuna shefi wolamula anthu, sakufuna wobaya jekeseni."

Tsikulo anakhala moyang'anizana ndi anthu atatu. Pakati panali mwini kampani, bambo Frederico, pampando wozungulira wachikopa, ndipo mbali zonse ziwiri kunali amuna a mataye. Zuleha anayankha bwino zedi. Mawu onse amene anagula ndi munda uja anatuluka mwandondomeko, a mataye akugwedeza mitu.

Kenako bambo Frederico anafunsa funso lomaliza, lakuti zaka zisanu zikubwerazi akudziona ali pati. Koma mawuwo anatuluka ngati a munthu amene watafuna mbatata yamoto. Mlomo wakumanzere unagwa, cholembera chinapulumuka m'manja n'kugwera pansi. A mataye anachiona, koma anangoweramira pamapepala awo, chifukwa ndani angauze bwana kuti kamwa lake lapotoka?

Zuleha anadziwa chimene chinali. Yankho la funsolo analinso nalo, analiloweza sabata yathunthu. Anakhalira manja monga anauzidwira, natsegula pakamwa kuti ayambe. Mkwiyo umene unamugwira pamenepo sanaumvepo chibadwire, chifukwa anaona kuti miyendo yake yaimirira kale.

"Senyor Frederico, kwezani manja onse awiri! Eee, uwu ukukana. Ndi trombozi iyi, sitiroko! Iwe wa taye yofiira, usangoti kakasi, galimoto pakhomo! Winawe bweza madziwo, ukufuna umutsamwitse?"

Machira panalibe. Anagwira mpando uja kumbuyo, nawukankha ndi mwini wake yemwe m'khonde monse, kudutsa pamene Gerson ankadikira atakumbatira chikwama. Umu ndi mmene Zuleha anakhudzira mpando wozungulira koyamba, ndipo ananena yekha pambuyo pake kuti mateyala ake ndi abwino kuposa a njinga za odwala za kuntchito kwake.

Patatha miyezi iwiri anamuitana. Anavalanso jekete lija, Ossufo atalibweza m'chiuno. Bambo Frederico anali atabwerera pampando wawo, ndodo ili pambali, mawu akumveka ngakhale ankakoka pang'ono.

"Dona Zuleha, madokotala akuti pakanapanda inu bwenzi ndili kumanda. Udindo uja tapatsa Gerson, poti inu entrevista simunamalize. Koma kampani siiwala. Tatsegula kachipinda kuseri kwa nyumba yosungira nyemba, muziyeza antchito athu tensau, kuthamanga kwa magazi kuja. Munthu wa manja ngati anuwa kumukhazika mu ofesi n'kuwononga."

Anamutenga kukaona kachipindako. Munali sikelo, kabati yopanda kanthu, ndi benchi lathabwa. Wina anali atakhoma kale msomali pakhoma, poti anamva kuti mayiwa ali ndi dipuloma yofuna kupachika.

Zuleha anakumbukira munda wa bambo ake, misozi n'kulengeza. Anakonza mumtima mawu okana, aulemu koma olasa, monga anaphunzirira Loweruka lina. Bambo Frederico anatambasula dzanja kuti amalize nkhani, iye nalilandira kuti akane bwinobwino. Zala ziwiri zija zinatsetsereka.

Anayang'ana wotchi yake, akuwerenga kugunda kwa mtima.

"Mankhwala simukumwa inu," anatero. "Khalani apo."

Mwini kampani anakhala pabenchi, Zuleha ali chiimire.