Galu Kumbuyo, Anyani M'munda

Inu amene mwatopa ndi moyo, khalani pansi, inenso miyendo ikundiwawa. Ndikuuzeni za a Elena a ku Kaphuka.

Amuna awo atamwalira, anawasiyira munda wa chimanga m'mphepete mwa phiri ndi galu mmodzi, Alekeni, wothamangitsa anyani. Chimanga chitangoyamba kukhwima, galuyo anagona. Masiku atatu osadya, thupi kutentha, mkodzo wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Anyani anayamba kulowa m'munda ngati aitanidwa ku ukwati. Galu akanafa, a Elena akanagona ndi njala chaka chonse.

"Awa ndi malungo," anatero. Anamumwetsa mapiritsi amene anatsala iwo atadwala. Musaseke, inenso ndikanatero. Galu anangosanza.

Alangizi a ziweto amakhala kutali, ndipo wakabaza anakana. "Amayi, ine ndimanyamula anthu."

A Elena anatenga chitenje, n'kumubereka galu kumbuyo.

Pamjigo amayi anafa nako kuseka. "A Elena, mwachira liti? Mwanayo wafanana ndi ndani?"

"Ndi amuna anu," anayankha, osaima.

Alangizi, a Alufeo, anakweza mlomo wa galu. Nkhama zinali zitayera ngati ufa, m'makutu nkhupakupa zili tho.

"Mayi, nkhupakupazi zamulowetsa tizirombo m'magazi. Mankhwala a anthu musadzamupatsenso. Ndimubaya lero, koma mubwere nayenso pakatha masabata awiri."

"Ndibwerenso? Ndi msana womwewu?"

Masabata awiriwo anali owawa. M'mawa kumuchotsa nkhupakupa imodziimodzi ndi kumumwetsa phala la bonya pa supuni. Masana kukakhala kumunda, kumenya chitini mpaka manja kuchita matuza. Anyani sankaopa n'komwe. Nyani wina wamkulu ankadya chimanga akuwayang'ana m'maso. Theka la munda linapita.

Tsiku la jakisoni wachiwiri anamanganso chitenje akudandaula. Atafika pamjigo paja, Alekeni anaphiriphitha, n'kutsika, n'kuyamba kuyenda yekha patsogolo. Amayi aja anangoti kukamwa yasa.

"Mwana wayamba kuyenda," anatero a Elena.

Sabata yotsatira, Alekeni atabwerera kumunda, nyani wamwano uja anathawa atasiya chimanga choluma kamodzi. Theka lotsalalo linalowa m'nkhokwe, ndipo linawafikitsa ku dzinja.

Msana mpaka lero umawawawa, sindikunamizani. Koma inu, chimene chimakulonderani munda chikagwa, chiberekeni, oseka aseke. Osataya mtima, ana anga.