Kagalu ka m'Katoni ya Ulusi

Ndinapita ku Old Town kukatenga diresi, koma ndinabwerako ndi galu.

Atelala anga, bambo achikulire achisilamu amene ankasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, anandilonjera tsiku limenelo maso ali pansi pa mashini. M'katoni ya ulusi munali kanthu koyera, konjenjemera.

"Ndakavuula m'ngalande m'mawawu, madzi a mvula atatsala pang'ono kukakokolola," anatero. "Kwathu sitisunga galu, mayi, koma kukasiya kafe ndikuona, ayi. Inu muli ndi mpanda."

Ndinati ndingokagwirako pang'ono. Kanalowetsa mphuno m'chikhatho changa, n'kugona tulo. Nkhani inathera pomwepo.

Mu minibasi kondakitala anayang'ana katoniyo. "Amayi, ndi nkhuku?" Ndisanayankhe, kagaluko kanalira mokuwa, galimoto yonse n'kufa nacho chiseko. Inenso ndinkangoseka ngati ndalawa mowa.

Titafika kwathu ku Area 47 ndinaona kuti kakungogunda makoma. Nditapita nako kwa adokotala a ziweto, iwo anaomba m'manja kumbuyo kwake, koma sikanatekeseke. Anakaunika ndi tochi m'maso, zii.

"Sikaona, sikamvanso. Kanabadwa choncho," anatero. "Koma mphunoyi ndi yakuthwa, ndipo njala kali nayo ya agalu awiri."

Amuna anga amagwira ntchito ku Capital Hill, ndipo ndi munthu woti ngakhale Loweruka malaya amapisira. Anakayang'ana kagaluko, n'kundiyang'ana ine.

"Galu wosaona, wosamva? Ndiye akuba akabwera tizichita kumudzutsa ife?"

Koma mawa lake anali iwo omwewo amene anayambitsa mkangano wa dzina. Iwo ankafuna lachizungu, ine lachichewa. Tinalimbana mpaka tiyi kuzizira. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi inu, dzinali alimva ndani?" Ndinaseka mpaka kukhala pansi pasimenti.

Chovuta chinali mipando. Kagaluko kankayenda molimba mtima ngati mwini nyumba, n'kumadzigunditsa pa miyendo ya tebulo. Amuna anga anati njira yodziwira malo oopsa ndi imodzi yokha. Anadzimanga chitenje changa kumaso, n'kugwada, n'kuyamba kukwawa pabalaza. Akagunda mutu ankafuula kuti, "Apa!" ine n'kumangapo siponji. Kagaluko kanamva fungo lawo, n'kumawatsatira pambuyo, mchira uli gwedegwede.

Nthawi imeneyo ndiyo imene amayi awiri a kumpingo kwathu analowa kudzationa, poti chitseko chinali chotsekula.

"Odi! Abambo, kodi n'kwabwino?"

"Kwabwino, amayi," anayankha amuna anga chitenje chili kumaso. "Khalani pampando, koma musausunthe."

Ndinathawira kukhitchini, misozi ya chiseko ili mbwee.

Pang'ono ndi pang'ono tinaphunzira kulankhulana nako. Kukakhudza paphewa ndiye kuti bwera. Kukasisita pachibwano ndiye kuti chakudya. Pasitepe ya pakhonde ndinkapakapo ndimu kuti kadziwe potsikira, ndipo kakafika pamenepo kankayetsemula kaye, n'kutsika mwaulemu ngati mkwatibwi.

Kuthamanga kokha n'kumene kankaopa. Tsiku lina masana tinachotsa chilichonse pakapinga, ndowa, paipi ya madzi, ngakhale miphika ya maluwa, n'kukaika pakati. Kanaima, kananunkhiza mphepo. Kanaponda kamodzi, osagunda kanthu. Kanapondanso. Kenako kanaliyatsa liwiro! Kankazungulira, makutu ali petupetu, kugwa chagada, kudzuka, kuyambiranso.

"Thamanga, mwanawe! Thamanga!" ndinkakuwa ine, amuna anga akuimba mluzu ngati ali kubwalo la mpira. Mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Katatopa kanabwera m'mphuno muli fwenkhufwenkhu, kanapeza phazi langa, n'kuligonera lilime lili panja. Ndinaima pomwepo padzuwa mpaka mwendo kuchita dzanzi, osafuna kusuntha.