Chipinda cha Dona

Apongozi anga aamuna anthu amawatchula kuti a Magolovesi. Dzinali linabwera chifukwa sagwira chiwongolero ndi manja chabe. Amayamba avala magolovesi achikopa, akuda, otha m'nsonga za zala. Ndikulemba za iwo chifukwa anthu a mumsewu umene ndinkakhala amanena kuti ndinachoka pabanja chifukwa cha matama. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zimene ndinaona ndi maso anga nditha kuzilemba.

A Magolovesi anagwira ntchito ya udalaivala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi kwa mkulu wina, mwini fakitale ya sopo. Bwanayo anali ndi magalimoto angapo, koma panali imodzi imene ankaikonda kuposa ana ake. Inali yobiriwira modera, ya zitseko ziwiri zokha, mphuno yaitali, yonyonyomala pansi moti ngakhale nkhuku singalowe kunsi kwake. Kutsogolo kuli mipando iwiri ya chikopa, kumbuyo kampando koti munthu wamkulu atakhalapo mawondo angafike pachibwano. Anaipangira maulendo ataliatali pa misewu yosalala. Zaka zambiri apongozi ankangoitsuka ndi kuiimika pakhomo, bwana n'kumayendetsa yekha. Maso a bwana atayamba kuchita mdima ndi pamene anawapatsa makiyi, pamodzi ndi magolovesi aja.

Ali ndi nkhani imodzi imene ndinaimva mwina kokwana zana. Tsiku lina ali pa msewu waukulu, bwana anati, "Ponda, ndimve ngati ikadali ndi moyo." Iwo anaponda, kasingano ka liwiro n'kudutsa pa mazana awiri.

"Mitengo inasanduka mpanda," amatero, manja ali m'malere ngati agwira chiwongolero. "Ndipo injini yake simalira ayi. Imapuma, ngati munthu wokhuta."

Bwana atamwalira, ana ake, amene amakhala kunja, anagulitsa zonse. Galimoto iyi yokha anthu ankangoizungulira n'kumapita, poti imamwa petulo ngati ili ndi chibowo, ndipo zipangizo zake sizipezeka. Ndiye anaitana apongozi nawauza kuti, "Bambo anati ikhale yanu." Anzawo amene anasiya nawo ntchito anapatsidwa zoti akayambire moyo wina. Iwo anapatsidwa galimoto, ndipo analira ndi chimwemwe.

Nthawi imeneyo ine ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Amuna anga amawotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo. Tinkakhala pakhomo pa makolo awo, m'kachipinda kakumbuyo, koma anali atangomaliza kumanga chipinda chathu kutsogolo kwa nyumba: malata atsopano, pansi pa simenti, windo lalikulu loyang'ana kotulukira dzuwa. Tinkangodikira kuti pulasitala aume. Makatani ndinali nditasoka kale.

Galimoto inafika Lachitatu masana. Polowera mumsewu wathu pali ngalande ya madzi a mvula, ndiye azibambo a pafupi anayala matabwa, apongozi n'kuwoloka pang'onopang'ono, anthu akuwomba m'manja. Ataiimika pabwalo anayang'ana kumwamba, kenako anayang'ana chipinda chathu. Ine ndinaona mmene maso awo anayendera.

M'mawa mwake anagumula khoma lakutsogolo. Zitseko zazikuluzikulu za galaja anawotcherera ndi amuna anga omwe, ndi manja omwe anamangira khomalo.

"N'zakanthawi chabe," anandiuza osandiyang'ana. "Bambo akamanga shedi, tilowa."

Galimotoyo apongozi anaipatsa dzina loti Dona. Amayi, akazi awo, ankaitchula kuti mkazi mnzanga. "Mkazi mnzanga wasamba kale?" ankatero akamaphika. "Ine ndakhala nawo zaka makumi atatu, sanandipukutepo ngakhale thukuta. Uyu akangogwera kafumbi, bambo amadwala."

Tinkaseka, koma zinali zoona. M'mawa uliwonse a Magolovesi ankatenga ndowa ziwiri ndi nsalu zitatu: ya magalasi, ya thupi, ya matayala. Loweruka ankagula petulo wa m'kachigubu, n'kuiliza kuti batire isafe. Ankaitulutsa mpaka pageti, mapazi khumi ndi awiri, n'kuibweza chambuyo. Ulendo wa Dona unali womwewo. Kupitirira apo sinkapita, chifukwa matabwa aja eni ake anatenga, ndipo ngalande inkakulirakulira mvula ikagwa.

Mwana wanga wamkazi anabadwira m'kachipinda kakumbuyo kaja. Khoma lake limodzi lagundana ndi bafa, ndipo limakhala lonyowa ngakhale m'chilimwe. Denga limadontha malo atatu. Mvula ikayamba ndinkaika beseni pabedi, poto pakhomo, mwana n'kumufungatira pakona pamene patsala. Zovala za m'sutikesi zinachita chuku. Tsiku lina ndinafuna thewera latsopano, lofewa, limene mchemwali wanga anandipatsa, osalipeza. Ndinakalipeza m'galaja, apongozi akupukutira boneti.

"Limeneli silikanda penti," anatero mokondwa, ngati akundiyamikira.

Ndisanamize, mdzukulu wawo amamukonda. Amamutchula kuti bwana wamng'ono, amamuseketsa ndi kulira kwa makiyi. Koma chikondi chawo chimathera pa chitseko cha galaja.

Mwana atakwana miyezi isanu ndi itatu, mvula ili pakati, anayamba chifuwa. Chinkapita n'kubweranso. Akamapuma pankamveka kamluzu m'kati. Ulendo wachitatu kuchipatala, anesi anamumvetsera pamsana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti timagona potani. Nditawauza, anaika cholembera pansi.

"Mayi, mankhwala ndikupatsani, koma khoma limenelo lidzawaposa mphamvu. Mwanayu mumuchotse m'chipinda chimenecho. Osati mwezi wamawa ayi. Sabata ino."

Ndinauza amuna anga. Anakanda mutu, nati, "Ukawauze ndiwe, iwe amakumvera." Apongozi sanandimverepo pa chilichonse, koma ndinapita. Ndinawapeza atagwada, akutsuka tayala ndi mswachi wakale.

"Bambo, ndabwera ndi pempho. Anesi akuti mwana achoke kumbuyo kuja. Mwina Dona akanakhala pabwalo miyezi iwiri yokha, timufunditse lona. Mvula ikatha abwerera."

Anatembenuka ngati ndatukwana. "Lona? Amake mwana, mukudziwa chimene lona amachita pa penti ngati uyu? Mphepo ikawomba amakhula ngati sandipepala."

"Nanga chifuwa cha mwana?"

"Ana amatsokomola. Bambo akewo anatsokomola, si awo akuwotcherera zitsulo?" Anaimirira, napukuta manja. Mawu awo anatsika. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutsegulira anthu zitseko. Ndadikira panja pa maukwati, panja pa mahotela, njala ili m'mimba. Chimene chikuonetsa kuti ndinagwirapo ntchito padziko pano ndi ichi chokha. Ndiye mukuti ndichiike pamvula?"

Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadana nawo, zonse nthawi imodzi.

Lachisanu lotsatira apongozi anapita kukameta tsitsi, kumene amakhalitsa chifukwa kuli anthu amene sanamve nkhani ya mazana awiri ija. Mvula inayamba chakumasana, yamphamvu. M'chipinda mwathu munayamba kudontha malo achinayi, pamwamba penipeni pa pilo. Mwana ankatsokomola mpaka kusanza. Makiyi a Dona anali pa msomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Amayi anandiona ndikuwatenga.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Koma muvule nsapato."

Munali mouma, mofunda, monunkhira chikopa. Mvula inkamveka kutali ngati ikugwa kwa anthu ena. Kampando kakumbuyo kaja, kopanda ntchito kwa munthu wamkulu, kanamukwana mwana wanga ngati anachita kumuyeza. Ndinatsitsa galasi pang'ono, ndinayala kabulangete, n'kumugoneka. Anagona maola awiri osatsokomola. Ine ndinakhala pampando wa bwana, ndikuyang'ana windo lalikulu lija limene ndinasokera makatani, misozi ili chuchuchu.

Ndinachita zimenezi masiku anayi, nthawi iliyonse apongozi akachoka. Ndinkapukuta paliponse pamene tagwira. Koma tsiku lachisanu m'mawa ndinamva akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Analoza galasi lakumbuyo, chakumunsi. Panali chidindo cha kadzanja, tizala tisanu, ta mafuta odzola.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzanja la mdzukulu wanu, bambo. M'menemo amagona bwino."

Sanakalipe. Anatenga nsalu ya magalasi, anauzira mpweya pa kadzanjako, n'kukafufuta mosamala mpaka osatsala kanthu. Kenako anapeza chingwe cha nsapato, anamangirira makiyi, n'kuvala m'khosi.

Madzulo ake ndinafunsa amuna anga funso limodzi: "Kodi chipinda chija munamangira ndani?"

"Usandiike pakati," anatero. "Ndi bambo anga."

"Nanga uyu ndi ndani wanu?"

Anatuluka kukasamba.

Mchemwali wanga amakhala tsidya lina la tauni, m'chipinda chimodzi chapamwamba pa sitolo ya nsapato. N'chopanikiza, koma n'chouma. Ndinamutumizira uthenga, iye anati bwera. Lolemba m'mawa ndinalonga sutikesi. Amayi anandithandiza kupinda zovala, kenako anaika thewera lija pamwamba, atalichapa.

Ndikutuluka, ndinapeza a Magolovesi atavala jekete lawo la kuntchito, kapusi ndi magolovesi. Zitseko za galaja zinali zotsegula.

"Mdzukulu wanga sangapite pa siteji ya minibasi wapansi," anatero. "Anthu angati chiyani, pakhomo pali galimoto? Lowani."

Ananditsegulira chitseko n'kuwerama pang'ono, monga ankachitira ndi bwana wawo. Ndinaganiza zokana. Koma sutikesi inali yolemera, mitambo inali itayamba kuda, ndipo amuna anga anali atapita kuntchito m'mamawa kuti asaone. Ndinalowa, mwana pamiyendo. Panali patayalidwa nyuzipepala pampando.

Injini inalira, ndipo ndivomereze, imalira mokoma, mozama, mpaka umamva m'mimba. Tinadutsa pageti. Anthu anatuluka m'nyumba zawo. Mayi wogulitsa makala anafuula kuti, "Eee, lero Dona wakumbukira kuti ali ndi miyendo!" Apongozi anaimika mutu, dzanja limodzi pa giya, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata. Tinkayenda liwiro la munthu wopita kumsika, akuzemba mwala uliwonse, koma iwo anali pa msewu wawo waukulu uja.

Pa ngalande anaima. Mvula ya chaka chino inali itaikumba kwambiri. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku, anaponyamo miyala ingapo, nabwerera.

"Imafunika kuilowera chammbali," anandiuza. "Tayala limodzi, kenako linzake. Awa ndi maluso, amake mwana."

Tayala loyamba linatsika bwino. Lachiwiri litatsika tinamva kunsi kuti khwee, kenako gu. Dona anakhala pamimba, mphuno m'ngalande.

Apongozi anatulutsa mawu ngati munthu wopondedwa chala. Anazimitsa injini, anatuluka, n'kugona chafufumimba m'matope ndi jekete lawo lomwelo, mutu kunsi kwa galimoto. Azibambo anathamangira, wina akuti tikankhe, wina akuti tinyamule.

"Musagwire penti!" ankafuula ali pansipo. "Gwirani m'munsi! Iwe, chotsa lamba wakoyo, akanda!"

Madontho oyamba anayamba kugwa pa galasi. Mwana anatsokomola. Ndinadikira pang'ono, kuti mwina atulutsa mutu n'kutifunsa ngati tapweteka. Ndinangoona nsapato zawo zikupalasa matope.

Ndinadzitsegulira ndekha chitseko. Ndinabereka mwana, ndinamufunditsa kabulangete kumutu, ndinasenza sutikesi, n'kudumpha ngalande ndi mapazi. Nditafika pokhotera ndinacheuka kamodzi. Apongozi anali ataimirira, atavula jekete, akuliyala pa boneti kuti Dona asanyowe.

Pano papita miyezi itatu. Kamluzu kaja m'chifuwa mwa mwana kanasiya sabata yachiwiri. Amuna anga amabwera Lamlungu, amakhala pampando wa pakhomo, amati shedi imangidwa posachedwa. Ndimawapatsa madzi akumwa, ndimawapatsa mwana kuti amunyamule, koma sutikesi sinditsitsa pamwamba pa kabati. Akuti chitsulo china cha kunsi kwa Dona chinasweka tsiku lija, ndipo sichikupezeka kulikonse, moti pano safikanso ngakhale pageti. Akuti a Magolovesi amamutsukabe m'mawa uliwonse, ndipo makatani anga aja anawapachika pa windo lalikulu, kuti dzuwa lisawononge mipando.