A Tsukaninso ndi Thanki ya Pakona

Mpaka lero sindimvetsa ngati a Tsukaninso anachoka pa labotale paja chifukwa cha manyazi kapena chifukwa cha funso limene linawakanika. Mayi wa pa sikelo, amene anagwira nawo ntchito pa benchi limodzi zaka zambiri, nayenso sadziwa, ngakhale zonse zinachitika iye akuona.

Ntchito yawo inali yopima madzi a m'zitsime ndi m'mipopi, kuona ngati muli mtovu kapena mkuwa. Dzinalo analipata chifukwa cha liwu limodzi limene silinkachoka pakamwa pawo. Ukawapatsa botolo loyera mbee, ankalisuzumira pa windo n'kukubwezera: "Tsukaninso." Ankatsukira madzi otchezedwa a m'thanki yakale ya pakona, imene sankalola wina kuikhudza. Akazi awo ankati kunyumba ngakhale makapu amawathawa. Misonkhano ndiye sankaifuna n'komwe. Ankati kumeneko anthu amangopita kukaomberana m'manja.

Chaka chilichonse bungwe la akatswiri opima zinthu linkatumiza madzi ofanana ku malabotale onse kuti aliyense apime payekha, zotsatira zikaonetsedwe ku msonkhano waukulu. Labotale yawo inali italephera kale chaka chapitacho, ndipo abwana sanabise mawu: ikalepheranso, a Tsukaninso achoka pa benchi, azikasunga makiyi a chipinda cha katundu.

"Chaka chino ndipita nawo," anatero a Tsukaninso.

"Inu? Koomberana m'manja kuja?" anafunsa mayi uja. "Achimwene, mutu uli bwino?"

Anapitadi awiriwo. Hotelo ya msonkhanowo inali ndi zitseko zofanana zokhazokha, moti poyamba anakhala m'chipinda cha opima penti, akugwedezera mitu mwaulemu, mpaka mayi anawakoka dzanja. M'holo yeniyeniyo mphunzitsi wachitsikana anaonetsa chithunzi pakhoma. Labotale iliyonse inali kamtanda kopanda dzina. Timitanda tonse tinaunjikana pakati ngati nyerere pa shuga, koma kamodzi kanali kokha pamwamba, pafupi ndi denga. Mayi anadziwa kuti kanali ka labotale yawo, ndipo sanafune kuwayang'ana a Tsukaninso.

"Anzathu awa mkuwa wawachulukira," anatero mphunzitsi. "Nthawi zambiri vuto silikhala manja a munthu. Limakhala madzi otsukira. Thanki ikakalamba, mapaipi ake amasiya mkuwa m'madzi, ndiye mukamalimbikira kutsuka m'pamene mukuwonjezera."

A Tsukaninso anakweza dzanja. Mayi anali asanawaonepo akutero.

"Pepani, aphunzitsi. Ndiye munthu atani?"

"Apime madzi otsukirawo, bambo."

"Awaike muti?"

"M'botolo loyera."

"Botololo atsukire chiyani?"

"Madzi abwino, ogula."

"Amene anawapima ogulawo, botolo lake anatsukira chiyani?"

Holo yonse inafa ndi phwete, ena mpaka kuomba m'manja, poganiza kuti mkuluyo akuseleula. Mphunzitsi anayankha moleza mtima, nafotokoza njira yake, ndipo mayi anaimva bwinobwino. Koma a Tsukaninso anangokhala kukamwa yasa, ngati munthu amene wauzidwa kuti nyumba imene wakalambiramo si yake.

Atabwerako, abwana anawakomera mtima. "Pimani thankiyo. Vuto likakhala thanki, benchi n'lanu."

Inali ntchito ya m'mawa umodzi. Koma mayi ankati akafika, n'kuwapeza ataima pakona, botolo lili m'manja, mpopi wa thanki uli chitsekere. Akaweruka ankawasiya pomwepo.

"Bweretsani ndikupimireni," anatero tsiku lina. "Madzi ogula si awa abwera?"

"Zikomo, achemwali. Koma ikapezeka kuti ndi thanki, ndiye kuti zitsime zonse zija ndinkazinamizira?"

"Nanga ikapezeka kuti si thanki?"

"Ndiye kuti ndi manja angawa."

"Tsono mukufuna chiti?"

Anamuyang'ana, nayang'ana botolo lija. "Kaya," anatero.

Mayi akanatha kupima mobisa, koma thanki inali yawo, ndipo iye analibe mtima wowalowera kumbuyo. Abwana anadikira mpaka kutopa. M'mawa wina analowa, naika makiyi a chipinda cha katundu pa benchi, natuluka.

A Tsukaninso sanawakhudze makiyiwo. Anavula jasi lawo loyera, nalikoloweka pa msomali, napukuta benchi. Kenaka anatenga botolo lopanda kanthu lija, naliika m'thumba la jekete.

"Mukupita kuti, achimwene?"

"Kokafuna madzi."

Mayi anaganiza kuti akunena za ku mpopi wa panja. Atasuzumira pa windo, anawaona akudutsa mpopiwo, akudutsanso pa geti, n'kukhotera mbali imene sikunali kwawo.

Mawa lake akazi awo anabwera kudzafunsa ngati msonkhano wina wayamba, poti bambo anangotenga kachikwama n'kutsanzika kuti asawadikire. Wina anati anawaona pokwerera mabasi, koma basi yake sanaione. Mayi wa pa sikelo anawapatsa mpando akaziwo, onse awiri atayang'ana jasi lija pa msomali.